Sikelo Ikatha pa Zaka Zisanu, Amamuyeza Ndani Mwana?



Mayi aliyense amene akuwerenga kalata ino amaidziwa sikelo. Mwezi ndi mwezi amabereka mwana kupita naye kuchipatala, kapena pansi pa mtengo pomwe alangizi a zaumoyo amangirira sikelo yawo. Mwana amalowetsedwa m'kathumba, nalendewera akulira, ndipo mlangizi amaika kadontho m'buku. Madontho aja akachuluka amapanga mzere. Mzerewo ukasiya kukwera, mayi amafunsidwa zomwe mwana akudya, ngati anatsegula m'mimba, ngati anadwala malungo. Ngakhale mayi amene sukulu anailekezera ku Sitandade 3 amauwerenga mzere umenewu popanda womuthandiza.

Mwana akakwanitsa zaka zisanu, sikelo imatha. Kuyambira pamenepo timangomuyeza mutu: mayeso a teremu, mayeso a Sitandade 8, JCE, MSCE, ndipo kumadrasa timawerenga majuzu amene waloweza. Thupi limene lasenza mutuwo silimalembedwanso m'buku lililonse mpaka tsiku limene lidzadwale. Komatu zaka zimenezi, kuyambira zisanu ndi chimodzi mpaka pamene mwana amaliza Fomu 4, ndi zimene mafupa amakhwima, minofu imamangika, ndipo mtima ndi mapapo zimazolowera ntchito kapena ulesi.

Alipo mayiko amene anaona kuti kusiya mwana osayezedwa zaka zonsezi n'kutaya zambiri, ndipo anakonza zoti mphamvu za thupi za ana asukulu ziziyezedwa m'dziko lonse chaka ndi chaka. Tiyeni tione dziko limodzi limene lachita zimenezi kwa nthawi yaitali, tione ena amene anapunthwa nazo, kenako tidzifunse zimene chipembedzo chathu chikutilola ndi zimene sukulu ngati yathu ingakwanitse.

Zimene amachita ku Slovenia

Slovenia ndi dziko laling'ono la ku Ulaya, loyandikana ndi Italy ndi Austria, la anthu opitirira pang'ono 2 miliyoni. Likulu lake ndi Ljubljana. Dzikoli linali gawo la Yugoslavia mpaka 1991. Ntchito yoyeza ana anaiyamba moyesa mu 1982, ndipo pofika 1987 inali itafika m'sukulu zonse. Lero imadziwika ndi dzina loti SLOfit. Dziko linasintha, boma linasintha, ndalama imene ankagwiritsa ntchito inasintha kawiri, koma kuyeza ana sikunalekeke.

Mwezi wa Epulo chaka chilichonse, ana oposa 200,000 a kupulayimale ndi kusekondale amayezedwa pasukulu pawo pomwepo. Oyeza si madokotala ochokera kulikulu ayi, ndi aphunzitsi awo a masewera. Zoyeza zilipo khumi ndi chimodzi. Zitatu ndi za maonekedwe a thupi: msinkhu, kulemera, ndi kuchindikala kwa mafuta a pansi pa khungu, kumene amayeza potsina khungu la kumbuyo kwa mkono ndi kachipangizo konga pegi yopanira zovala. Zisanu ndi zitatu zotsalazo ndi za zimene thupi lingathe kuchita. Mwana amathamanga mamita 60 kuti aone liwiro lake, ndi mamita 600 kuti aone ngati mtima ndi mapapo zimapirira. Amadumpha ndi miyendo yonse iwiri atangoima, osathamangira. Amagona chagada n'kumadzuka kwa mphindi imodzi, wina akuwerenga. Amalendewera pachitsulo atapinda mikono, chibwano chili pamwamba, mpaka pomwe mikono ingalephere. Amawerama osapinda mawondo kuti aone pomwe zala zingafike. Amagunda timbale tiwiri mosinthanasinthana ndi dzanja limodzi kwa masekondi 20. Chomaliza ndi choseketsa kuchiona koma chovuta kuchichita: kuyenda chafutambuyo ndi manja ndi miyendo, kudutsa ndi kulowa pansi pa zopinga, pofuna kuona ngati ziwalo zimamvana.

Taonani kuti pa zonsezi palibe makina odula. Tepi yoyezera, wotchi, sikelo, chitsulo cholendewerapo ndi bwalo. Chimene chimapatsa ntchitoyi mphamvu ndi chakuti zoyezazo ndi zomwezomwezo, zimachitika mwezi womwewo, m'njira yomweyo, m'sukulu zonse, kwa zaka zoposa makumi atatu. Mphunzitsi wa sukulu ya kumapiri ndi mnzake wa mumzinda amayamba kuwerenga nthawi pa chizindikiro chimodzi. Ngati wina akanamayeza mamita 600 ndipo wina 500, kapena chaka chino m'chilimwe chaka chamawa m'chisanu, manambalawo sakanauza munthu kanthu.

Akamaliza, sukulu zimatumiza manambala ku gawo la zamasewera la University of Ljubljana. Kumeneko amawasanthula ndi kubweza zotsatira kusukulu iliyonse. Mwana aliyense amakhala ndi khadi lake. Pakhadipo pamaoneka zinthu ziwiri: mmene iye alili poyerekeza ndi ana amsinkhu wake m'dziko lonse, anyamata paokha atsikana paokha, ndi mmene wasinthira kuchokera chaka chatha. Chachiwirichi ndicho sikelo ija ya kuchipatala itakula. Mwana amene chaka chatha anathamanga mamita 600 bwinobwino ndipo chaka chino wagwera pansi kwambiri, ngakhale akadali pakati pa gulu, mzere wake ukunena kuti china chake chachitika, ndipo mphunzitsi, kholo kapena dokotala ayenera kufunsa. Makolo amapereka chilolezo kuti mwana wawo alembedwe, ndipo ambiri mwa makolo a ana a kupulayimale amavomera. Makolo ena amene ankayezedwa ali ana lero akuona makadi a ana awo.

Phindu lake linaoneka motere. M'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, manambala ankasonyeza chaka ndi chaka kuti ana akunenepa ndipo kupirira kwawo pothamanga kukuchepa. Kholo limodzi silikanaona zimenezi, chifukwa mwana wako umamuona tsiku lililonse ndipo kusintha kwa pang'onopang'ono sikuoneka. Koma ana zikwi mazana awiri akaikidwa pamzere umodzi, kutsetsereka kumaonekera poyera. Cha m'ma 2010 boma linayambitsa ndondomeko yowonjezera maola a masewera olimbitsa thupi pa sabata m'sukulu zambiri za pulayimale, ndipo ndondomekoyo inayenda mpaka 2018. Pa zaka zimenezo kunenepa kwa ana kunasiya kukwera n'kuyamba kutsika, pamene m'mayiko ambiri kunkangokwerabe. Ndipo anadziwa kuti zasintha chifukwa tepi ndi wotchi zinali zomwe zija.

Kenako kunabwera Covid-19. Sukulu zitatsekedwa mu 2020, ofufuza a ku Ljubljana anayeza ana atangobwerera, napeza kuti mphamvu zawo zatsika kuposa chaka china chilichonse chiyambire kuyeza. Miyezi yowerengeka yokhala m'nyumba inafafaniza zimene zinamangidwa m'zaka zambiri. Iwo anatha kupita kwa atsogoleri awo ndi manambala m'manja. Nafenso kuno sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020 mpaka zinayamba kutsegulidwa mu Seputembala. Pasukulu pano tinaona msanga amene anaiwala masamu, ndipo tinalira ndi atsikana amene sanabwerere. Za matupi a amene anabwerera sitinalembe kalikonse, chifukwa tinalibe poyambira.

Kodi ana athu si amphamvu kale?

Kholo lina linena kuti: “Zimenezo ndi za azungu amene ana awo amapita kusukulu pagalimoto. Wanga amayenda makilomita asanu, amatunga madzi, amalima.” Mawu amenewa ali ndi choonadi. Mu 2016 ofufuza anasonkhanitsa zotsatira za ana oposa miliyoni imodzi ochokera m'mayiko 50 pa mayeso amodzi otchuka, amene anakonzedwa ndi Luc Léger wa ku Canada m'zaka za m'ma 1980. Pa mayesowa mwana amathamanga uku ndi uku pakati pa mizere iwiri yotalikirana mamita 20, motsatira kulira kwa belu kumene kumafulumira mphindi iliyonse, mpaka atalephera kufika pamzere belu lisanalire. Ana amene anakhala patsogolo pa onse anali a ku Tanzania, aneba athu. A ku United States anali chakumapeto. Choncho kuyenda pansi ndi ntchito za pakhomo si zopanda pake.

Koma tisathamangire kudzitama. Choyamba, ana a pasukulu pano sali onse chimodzimodzi. Alipo oyenda makilomita asanu aja, alipo obwera pa kabaza, ndipo alipo ogonera pompano amene ulendo wawo wautali pa tsiku ndi wochokera kogona kupita m'kalasi, kumzikiti ndi kodyera. Mwana amene kumudzi ankapita kudimba m'mawa uliwonse, akafika Fomu 1 kogonera amakhala pa benchi kuyambira Fajr mpaka Isha, ndipo ife aphunzitsi timamuyamikira kuti ndi wakhama. Foni nazonso zafika, ndipo tchuthi chimene kale chinkathera pa bwalo la mpira chikuthera pakhonde, mutu uli choweramira.

Chachiwiri, vuto lathu lili mbali ziwiri. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Ambiri mwa ana amene anayezedwa nthawi imeneyo ndi amsinkhu wa amene ali m'makalasi athu lero kapena akubwera posachedwa. Mwana wotere akhoza kuyenda mtunda wautali koma n'kukhala wochepa mphamvu m'mikono ndi m'miyendo. Pamene ku Slovenia ankaopa kunenepa, ife tiyenera kuyang'ana wonenepa ndi wowonda yemwe, nthawi zina m'kalasi imodzi.

Chachitatu ndi cha atsikana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita zinthu zogwedeza thupi, zofulumizitsa mtima, pafupifupi ola limodzi pa tsiku. Mu 2019 linatulutsa zotsatira za ana asukulu 1.6 miliyoni a zaka 11 mpaka 17 m'mayiko 146, ndipo 81 pa 100 alionse sankafika pa mlingo umenewu. Atsikana anali 85 pa 100, anyamata 78. Tikayang'ana pabwalo lathu nthawi yopuma sitifunika kafukufuku kuti tione kuti mtsikana amene ku Sitandade 5 ankadumpha fulaye ndi kuthamanga ngati mphepo, akatha msinkhu amakhala pansi pa mtengo. Manambala a WHO amenewa anachokera pa kufunsa ana, ndipo mwana ukamufunsa ngati amathamanga amayankha zimene akuganiza kuti ukufuna kumva. Wotchi siimva manyazi. Apa ndiye pali kusiyana kwa kufunsa ndi kuyeza.

Kumene kuyeza kunavulaza

Sitingakhale oona tikangonena zabwino zokha. Ku United States, m'zaka za m'ma 1950, dokotala wina dzina lake Hans Kraus ndi anzake anayeza ana pa zinthu zisanu ndi chimodzi zosavuta. Ana a ku America pafupifupi 58 pa 100 analephera chimodzi kapena zingapo, pamene a ku Austria, Italy ndi Switzerland olephera anali pafupifupi 9 pa 100. Nkhaniyi inafika kwa Pulezidenti Eisenhower, amene anali mkulu wa asilikali, ndipo mu 1956 anakhazikitsa komiti yoona za mphamvu za achinyamata. Nkhawa yaikulu inali yakuti dziko lidzasowa asilikali. Mayeso amene anatsatira anakhala a mpikisano: opambana ankalandira mphotho, ndipo ofooka ankalendewera pachitsulo kalasi yonse ikuwaonerera. Akuluakulu ambiri a kumeneko amakumbukira tsikulo ngati tsiku lamanyazi, ndipo ena anadana ndi masewera moyo wawo wonse.

Ku Singapore anachita zina. Kuyambira 1992 mpaka 2007 anali ndi ndondomeko yotchedwa TAF, imene inkapatula ana onenepa n'kumawachititsa masewera owonjezera, nthawi zina pomwe anzawo akupuma. Kunenepa kunatsikadi, kuchoka pa ana 14 pa 100 kufika pafupifupi 10 m'zaka khumi. Koma ana anazindikira msanga kuti zilembo zitatuzo ukaziwerenga chobwerera zimapanga liwu la Chingerezi lotanthauza wonenepa, ndipo aliyense pasukulu ankadziwa amene ali m'gululo. Madandaulo a kusalidwa anachuluka, ndipo boma linaithetsa n'kuika ina yokhudza ana onse.

Ife aphunzitsi timawadziwa ana. Dzina lachipongwe limene mwana wapatsidwa pabwalo ali Fomu 1 limamutsatira mpaka paukwati wake. Surat Al-Hujurat imatiletsa kunyozana ndi kuitanana mayina achipongwe, ndipo ndondomeko iliyonse imene ingabereke mayina otere ndiye kuti yalakwika ngakhale manambala ake atakongola bwanji. Tikayerekeza mayiko atatuwa, tepi ndi wotchi ndi zofanana. Kusiyana kuli pa amene amaona zotsatira, amene mwana akuyerekezedwa naye, ndi zimene akuluakulu amachita akaona kuti zatsika.

Zimene tikupeza m'Sunnah

Ena adzafunsa ngati nkhani imeneyi ili ndi malo m'kalata ya sukulu ya Chisilamu, ndipo n'chifukwa chiyani wailemba ndi mphunzitsi wa dini osati wa sayansi. Yankho lathu ndi lakuti thupi ndi amana, chinthu chimene Allah watisungitsa, ndipo wosungitsidwa katundu amayenera kumamuyang'ana. Komanso dini yathu imachitidwa ndi thupi. Swala ndi kuimirira, kuwerama ndi kugwetsa nkhope pansi kasanu pa tsiku. Swaumu imafuna thupi lopirira. Amene Allah anawapatsa mwayi wa Hajj adzakuuzani kuti kuyenda kasanu ndi kawiri pakati pa Safa ndi Marwa kokha ndi makilomita pafupifupi atatu, osawerengera tawafu ndi maulendo a ku Mina ndi Arafat. Agogo amene lero akuswali atakhala pampando anali ana nthawi ina, ndipo mawondo awo ali ndi mbiri.

Kuyeza achinyamata si chinthu chachilendo m'mbiri yathu. Nkhondo ya Uhud isanayambe, m'chaka chachitatu cha Hijra, Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anayendera anyamata amene anabwera kudzalowa nawo, nabweza amene anali aang'ono. Olemba mbiri ya moyo wake amasimba kuti Rafi ibn Khadij analoledwa chifukwa anali katswiri wa uta. Mnzake Samura ibn Jundub, amene anali atabwezedwa, anadandaula kuti iye amamugwetsa Rafi akamalimbana. Mtumiki anawalola kuti alimbane pamaso pake, Samura anamugwetsadi, ndipo naye analoledwa. Kumeneku kunali kuyeza kwa nthawi ya nkhondo, ndipo sitikufuna kuti kuyeza kwathu kukhale kosankha asilikali. Koma tikuphunzirapo kuti Mtumiki sanangodalira maso kapena mawu a mnyamata. Anamupatsa mpata woonetsa.

Nkhani ina ili mu Sahih Al-Bukhari, yosimbidwa ndi Abdullah ibn Umar (Allah asangalale naye). Mtumiki anachititsa mpikisano wa akavalo, koma anaugawa pawiri. Akavalo okonzekeretsedwa anathamanga mtunda wautali, kuchokera ku Al-Hafya kukafika ku Thaniyyat al-Wada. Osakonzekeretsedwa anathamanga mtunda waufupi, kuchokera ku Thaniyya kukafika pa mzikiti wa Banu Zurayq. Ngati akavalo sanawasakanize, ife tingaike bwanji mwana wa zaka 13 wongochira malungo pamzere umodzi ndi wa zaka 18 wosewera mpira m'timu ya sukulu, n'kunena kuti wotsalira ndi waulesi?

Imene timaikonda kwambiri ndi ya mayi wathu Aisha (Allah asangalale naye), yopezeka mu Abu Dawud ndi mu Musnad ya Imam Ahmad. Pa ulendo wina, iye akadali wamng'ono thupi, Mtumiki anauza maswahaba kuti atsogole, kenako anamuitana kuti apikisane kuthamanga. Aisha anapambana. Patapita zaka, Aisha atanenepa ndipo ataiwala za tsikulo, pa ulendo winanso Mtumiki anauzanso anthu kuti atsogole, napikisana naye kachiwiri. Ulendo uno Mtumiki ndiye anapambana, naseka pomukumbutsa za mpikisano woyamba uja. Makolo amene mumaopa kuti mtsikana wa Chisilamu akathamanga ndiye kuti wataya ulemu, onani amene anathamanga ndi amene anamuitana. Ndipo inu amene mumaona ngati kudzilemekeza ndi chinthu chosafunika pa masewera, onani kuti maulendo onse awiri Mtumiki anayamba wachotsa owonerera.

Titati tiyese pasukulu pano

Sukulu imodzi singachite ntchito ya dziko. Kuti tidziwe ngati mwana wa ku Mangochi ali bwanji poyerekeza ndi wa ku Mzimba, pafunika unduna wa maphunziro ndi wa zaumoyo, ndi sukulu ya ukachenjede yosunga manambala ngati ija ya ku Ljubljana. Koma mbali ya khadi imene tanena kuti ndi yofunika kwambiri, yoyerekeza mwana ndi mmene iye mwini analili chaka chatha, siifuna unduna. Imafuna kope limodzi losungidwa bwino ndi aphunzitsi osasintha njira.

Sitingatenge zonse khumi ndi chimodzi. Kutsina khungu la mkono tingakusiye, chifukwa kachipangizo kake tilibe, kumafuna wophunzitsidwa bwino, ndipo kwa atsikana athu kumafuna kuvula mkono popanda chifukwa chokwanira. Msinkhu, kulemera, kudumpha utaima, kuwerama, ndi kuthamanga mamita 600 ndi zokwanira poyambira. Tepi ilipo kwa mmisiri aliyense, wotchi ili pa foni iliyonse.

Atsikana ayezedwe ndi aphunzitsi aakazi, tsiku lawo, pamalo pomwe anyamata ndi anthu odutsa sakuwaona, atavala zowabisa bwino koma zosakola miyendo. Buluku lotakasuka pansi pa malaya aatali ndi hijabu yomangidwa bwino sizilepheretsa munthu kuthamanga. Dziko lino limadziwika kunja chifukwa cha ntchemberembaye, ndipo palibe chifukwa choti ana athu aakazi akhale okhawo osadziwa kuti miyendo yawo ingathe chiyani. Chovala chikhale chamtundu womwewo chaka chilichonse, kuti kusintha kwa nthawi kusakhale kwa nsalu.

Mwezi nawo ndi nkhani. Mwana wosala kuyambira m'bandakucha akathamanga mamita 600 masana, nambala imene tingalembe ndi ya ludzu, si ya mapapo ake. Mu Januwale ndi Febuluwale m'makomo ambiri chakudya chimakhala chochepa, ndipo mu Okutobala dzuwa lokha lingagwetse mwana. Ife tikuona kuti Meyi ndi wabwino: anthu akolola, kwayamba kuzizira, ndipo mayeso a Fomu 4 sanafike. Ramadhan inagwera mu Meyi m'chaka cha 2019 ndi m'zaka zochepa zotsatira, ndipo popeza imabwerera m'mbuyo masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, padzapita zaka pafupifupi makumi atatu kuchokera pamenepo isanafikenso m'mwezi umenewu.

Tsopano chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri. Mwana akatsalira kutali kapena akatsika kuchokera chaka chatha, mawu oyamba asakhale akuti “waulesi”. Kuno kwathu mwana wopuma wefuwefu atangothamanga pang'ono akhoza kukhala wochepa magazi chifukwa cha malungo obwerezabwereza, njoka za m'mimba, kapena likodzo, limene ana osamba m'nyanja ndi m'madambo amakhala nalo mpaka kuliyesa chinthu chachibadwa. Mtsikana amene wayamba kusamba akhoza kuchepa magazi popanda wodziwa. Wina ali ndi mphumu, wina sanadye kanthu chichokereni kunyumba. Nambala yotsika ikhale chifukwa choitanira kholo mwakachetechete ndi kulembera kalata ya kuchipatala. Ndipo mwana amene akudziwika kale kuti ali ndi vuto la mtima, mphumu yaikulu kapena matenda a siko selo asathamangitsidwe popanda mawu a dokotala.

Zotsatira zisamatidwe pa bolodi ngati za mayeso a teremu. Kope likhale kwa mphunzitsi mmodzi wa anyamata ndi mmodzi wa atsikana, ndipo tsamba la mwana liwonedwe ndi iye mwini ndi kholo lake basi. Komiti ilandire za kalasi yonse pamodzi, zopanda mayina. Kholo limene silikufuna kuti mwana wake ayezedwe linene, ndipo mwanayo asafunsidwe chifukwa.

Pomaliza tivomereze mlandu wathu ife aphunzitsi. Pa ndandanda ya maphunziro pali nthawi ya masewera, koma mayeso akayandikira ndi nthawi yoyamba imene timailanda kuti tibwereze masamu kapena Biology, ndipo amene tikulemba pano tinailandapo kuti timalize mutu wa Fiqh. Ku Slovenia manambala atatsika anawonjezera maola. Tikayeza ana mu Meyi kenako n'kupitiriza kuwalanda ola lawo, kopelo lidzangokhala umboni wotitsutsa.

Choncho pa msonkhano wa makolo ukubwerawu, in sha Allah, tidzapempha zinthu zitatu. Kwa komiti ya mzikiti, chilolezo chogwiritsa ntchito malo otchingidwa tsiku la atsikana, ndi thandizo logulira sikelo imodzi yoimapo. Kwa amayi, awiri kapena atatu odzipereka kudzakhala nawo tsikulo. Kwa makolo nonse, ngati buku la sikelo la mwana wanu likadalipo m'sutikesi, mudzabwere nalo, kuti tsamba lake loyamba pasukulu pano liyambire pomwe alangizi a zaumoyo analekezera.